Malo a Nkhani: N'chifukwa Chiyani Nkhani za Chikondi Zimakonda Kunyanja?

Pa mafunso onse a nthano amene mumakumana nawo pa mayeso a MSCE, funso la malo ndi limene ambiri mumaliona lophweka, ndipo ndi pomweponso mumatayira malikisi. Funso likati, "Fotokozani kufunika kwa malo amene nkhaniyi ikuchitikira," wophunzira amalemba mzere umodzi: nkhaniyi ikuchitikira kunyanja. Wina amaonjezera kuti kunyanjako n'kokongola, kuli mchenga ndiponso kamphepo kayaziyazi. Yankho lotere si labodza, koma silinakhudze funso. Wochonga sakufuna kudziwa kumene nkhani ili, pakuti bukulo analiwerenga kale. Akufuna muonetse ntchito imene malowo akugwira m'nkhanimo.

M'mutu uno tiona malo a mtundu umodzi, tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja monga Nkhotakota, Chipoka, Nkhata Bay kapena Monkey Bay, ndi chifukwa chimene malo otere amayenerana ndi nkhani za chikondi. Ndasankha zimenezi chifukwa cha zomwe ndimaona m'kalasi. Kuno ku Malomo ndikauza a Folomu 3 kuti apeke nthano yaifupi ya chikondi, ambiri amatsitsira ampangankhani awo ku Salima kapena ku Nkhotakota, ngakhale ena mwa olembawo sanapondepo m'madzi a nyanja. Kusankha kwawo n'kwabwino ndithu. Koma ndikawafunsa chimene asankhira kumeneko amangoyang'ana pansi, chonsecho pa mayeso malikisi ali pa chifukwacho.

Zimene nkhani ya chikondi imafuna

Nkhani ya chikondi siyenda popanda zinthu ziwiri. Anthu awiri amene samadziwana, kapena amene sanayenere kudziwana, ayenera akumane. Akakumana, payenera pakhale chowatchinga. Mnyamata akafunsira mbeta lero, mtsikana n'kulola, ankhoswe n'kumvana mawa lake, limenelo ndi banja labwino koma si nkhani. Palibe amene angaiwerenge kufika tsamba lachitatu.

Tsono taganizirani mudzi wa kumapiri kuno, ku Ntchisi kapena ku Dowa. Zotchinga ziliko zambiri: malume, mfumu, mpingo, chibale, mlandu wakale wa malire a munda. Chosowa ndi kukumana. Mtsikana amene mnyamata akumufuna anakula naye limodzi, analowa naye Sitandade 1 tsiku limodzi, amawadziwa mayi ake ndi dimba la agogo ake. N'chifukwa chake mlembi wa kumtunda kawirikawiri amayamba wamuchotsa munthu pamudzi kuti moyo wake ugwedezeke. Buku la Nthondo, limene Samuel Josiah Nthara wa ku Dowa analemba mu 1933, si nkhani ya chikondi, koma likuonetsa njira yomweyi: mpangankhani wamkulu akuchoka kwawo kupita kutali, ndipo zimene akukumana nazo kumeneko ndi zimene akubwerera nazo.

Mumzinda zinthu ndi zotembenuka. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre anthu amakumana paliponse, m'minibasi, kumsika, pamzere wa kubanki. Koma ndani akuwaona? Awiri angathe kukondana chaka chathunthu popanda wachibale wodziwa. Mlembi amasowa maso a anthu, ndiye amatsala ndi zotchinga ziwiri zimene tazitopa nazo: ndalama ndi chinyengo.

Tauni ya kunyanja ili ndi zonse ziwiri. Ndi yaing'ono ngati mudzi, moti aliyense amadziwika ndi dzina la bambo ake, koma mbali imodzi ilibe mpanda. Kumeneko kuli madzi, ndipo pamadzipo pamabwera alendo, pamachokera anthu, pamatuluka ndalama, pamagwanso imfa. Mfundo yonse ya mutu uno ndi imeneyi. Kuti imveke bwino, tiyeni tipeke nkhani yathuyathu, imene mulibe m'buku lililonse, tione mmene malo akuigwirira ntchito.

Yohane atsikira ku Nkhotakota

Yohane ndi mnyamata wa ku Malomo amene sukulu inamuthera Folomu 2 chifukwa cha fizi. Wagulitsa soya, wapeza kampamba, ndipo waganiza zoyamba geni ya usipa. Akwera galimoto pa msewu uja wochokera ku Kasungu, wodutsa pa Malomo n'kutsika kudzera m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota. Kutsikako kukuuza kale wowerenga kuti munthuyu akulowa m'dziko lina. Wanyamuka atavala jekete. Pofika kumunsi walivula. M'malo mwa zigafa za fodya akuona minda ya mpunga. Mbandakucha wamva kuitana kwa kumzikiti, pamene kwawo anazolowera belu la tchalitchi ndi ng'oma za kudambwe.

Pagombe apeza mtsikana, timutche Asiyatu, amene amayang'anira mathandala oyanikira nsomba a bambo ake ndiponso amasunga kope la ngongole. Yohane sadziwa kusiyanitsa usipa wofutsa ndi wongoyanika, sadziwa mtengo wa chigoba, ndipo anyamata a pagombe amuona kale kuti uyu ndi wa kumtunda, tim'dyere. Asiyatu amutsina khutu. Nkhani yayamba.

Taimani pamenepa muone zimene malo achita. Mlembi sanavutike kupeka ngozi yoti awiriwa akumane. Malonda a nsomba awakumanitsa, ndipo malonda omwewo adzam'bwezanso Yohane pagombe lomwelo sabata yamawa ndi sabata inayo. Malo asinthanso mphamvu. Kwawo Yohane ndi katswiri, amadziwa kusoka fodya ndi kudinda belo, koma pano ndi mbuli, wodziwa ndi mtsikana. Chikondi chimene chikuyamba mnyamata ali wophunzira ndipo mtsikana ali mphunzitsi chimakoma kuwerenga kusiyana ndi chija timachidziwa, cha mnyamata woimitsa mtsikana panjira ya kuchitsime.

Komanso pagombe palibe khoma. Amayi otsuka mbale ali pomwepo, anyamata osoka makoka ali pomwepo, ana osambira ali pomwepo. Pa ulendo wachitatu wa Yohane, nkhani yoti Asiyatu amamuonjezera usipa pachigoba yafika kwa bambo ake iye asanafike kunyumba. Apa tapeza chimene mzinda unatimana: anthu oonerera. M'nthano zambiri anthu amenewa sapatsidwa mayina, koma muwawerengere ngati mpangankhani mmodzi, chifukwa miseche yawo ndi imene imakankha tsatanetsatane wa nkhani.

Zotchinga nazo zikumera pamalo pomwepo. Yohane ndi wa mpingo, Asiyatu ndi Msilamu. Ndani asiye chake? Akakwatira mwa chikamwini, mwamuna wosadziwa kupalasa bwato ngakhale kusambira akakhala mkamwini wotani pakati pa asodzi? Paja amati mkamwini asamakule mwendo, nanga uyu woti ngakhale ndiwo azichita kupatsidwa ndi alamu ake? Akamutenga mwa chitengwa, mtsikana wozolowera kuwerenga ndalama m'mawa uliwonse akapirira kudikira fodya chaka chathunthu, m'chisanu cha Juni cha ku Ntchisi? Ndiye palinso siginala wa boti la bambo ake, mnyamata amene amatsogola ndi nyali usiku kukasaka usipa, amene banja lonse limadalira maso ake, ndipo wakhala akumufuna Asiyatu kuyambira kale. Bambo akamukana ameneyu, akhoza kupita kwa mwini boti wina, nsomba n'kupita naye. Onani kuti palibe chotchinga ngakhale chimodzi chimene tachita kuitanitsa kutali.

Khomo limene linatseguka kalekale

Wina angafunse kuti, kodi kusakanikirana kwa anthu kumeneku n'kopeka? Ayi. Mbiri ya Nkhotakota ikuchitira umboni. M'zaka za m'ma 1840 kunakhazikika Salim bin Abdallah, wamalonda wochokera ku gombe la kum'mawa kwa Africa, amene ankatchedwa Jumbe. Zombo zake zinkawoloka nyanja zitanyamula minyanga ya njovu ndi akapolo, ambiri mwa iwo ogwidwa kumtunda konkuno. Imeneyi ndi mbiri yowawa, ndipo mlembi wabwino saipaka mafuta. Koma ndi njira yomweyo imene Chisilamu chinakhazikikira m'tauniyi. David Livingstone anafikako m'zaka za m'ma 1860, ndipo mtengo umene amati anakumanirapo ndi Jumbe amauonetsabe kwa alendo. Mu 1894 amishoni a Anglican anatsegula mishoni yawo. Lero mumapezako Achewa, Ayao, Atonga ndi ena, mzikiti ndi tchalitchi zili moyandikana. Pamene mitundu ndi zipembedzo zagundana m'katauni kamodzi, ana awo amakumana kusukulu ndi kumsika, pamene makolo awo sangadyere mbale imodzi pa nkhani ya ukwati. Mlembi wa nkhani ya chikondi safuna zoposa apa.

Khomo limeneli lili ndi chizindikiro chake chimene Mmalawi aliyense amachidziwa, sitima ya Ilala. Inayamba kuyenda panyanja mu 1951, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikuzungulira kamodzi pa sabata kuchokera ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba n'kubwerera, kuima m'madoko monga Nkhata Bay ndi pa chilumba cha Likoma. Sitima yobwera kamodzi pa sabata ndi mphatso kwa mlembi. Imatsitsa mlendo amene palibe akudziwa mbiri yake: mphunzitsi watsopano, namwino, wapolisi, kapena mwana wa pamudzi amene anapita kalekale. Imatenganso munthu n'kupita naye, ndipo wotsala sangathamangire pambuyo pake ngati mmene angathamangire basi. Ayenera adikire masiku 7. Kudikira kumeneku ndi kumene kumabala m'bisa: kodi atsika kapena satsika? Wowerenga amaima pagombe limodzi ndi mtsikana, kuyang'ana mabwato amene akutuluka m'mbali mwa sitima.

Mudzati masiku ano kuli foni, kudikira kunatha. N'zoona kuti foni yapha nkhani zambiri za makalata osochera. Koma foni siibweza boti limene mwera waligwira pakati pa nyanja, ndipo foni imene ikungoitana osayankhidwa usiku wa mphepo imaopsa kuposa kalata yochedwa.

Nthawi ya mlimi ndi nthawi ya msodzi

M'maphunziro a nthano, malo amayenda limodzi ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene ophunzira a kumtunda muyenera kutchera khutu, chifukwa nthawi ya kunyanja si yathu.

Ife timawerenga chaka. Mlimi wa fodya amafesa nazale kusanagwe mvula, amaokera, amathyola, amasoka, amayanika m'chigafa, amasankha, amadinda, kenaka n'kudikira kuti mabelo agulidwe ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Ndalama imabwera kamodzi. Ukwati nawo umadikira kukolola. Chikondi cha kumtunda chimayenda pang'onopang'ono ngati ngolo, ndipo nkhani yake imafuna miyezi yambiri kuti ifike pachimake.

Msodzi amawerenga usiku. Usipa amaupha ndi nyali, choncho mdima ndiye bwenzi lake. Mwezi ukawala kwambiri nsomba sizitsata nyali, ndipo alovi ambiri amakhala pamtunda. Mnyamata amene dzulo analibe ya sopo lero m'mawa ali ndi ndalama zodzadza thumba, sabata yamawa alibenso. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba kuchokera kum'mwera, ndipo pamakhala masiku oti maboti sapita pamadzi. Mlembi amene akudziwa zimenezi sasowa pogwira. Akafuna siginala uja akhale pamtunda kuti aone Yohane ndi Asiyatu akucheza, amangowalitsa mwezi. Akafuna bambo a Asiyatu alowe m'ngongole kuti ayambe kuganiza zokwatitsa mwana kwa munthu wandalama, amangoombetsa mwera masabata awiri. Wowerenga sangadandaule kuti mlembi wakakamiza nkhani, chifukwa zimenezi ndi mmene moyo ulili kumeneko.

Pali malo amodzi amene ndimadabwa kuti ophunzira anga saagwiritsa ntchito. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, m'dera la mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kuti nsomba ziswane. Chikatsegulidwa, asodzi amapita kukakhala konko, koma malamulo a pachilumbapo salola akazi, mowa kapena njuga. Taganizirani: amuna ali pachilumba, akazi ndi zibwenzi ali kumtunda, pakati pali madzi ndi lamulo la mfumu. Mlembi wa ku Ulaya angalipire ndalama zambiri kuti apeze chotchinga chotere, ife tili nacho chokonzakonza.

Nyanja ngati chiphiphiritso

Nyanja imapatsa ndipo imalanda. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja pa mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anafa. Bishopu Chauncy Maples anamira mu 1895 ali pa ulendo wopita ku Likoma, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Amenewa ndi amene analembedwa. Asodzi amene sanabwerere m'mawa ndi ambiri, ndipo banja lililonse la pagombe lili ndi dzina limene limakumbukira. Choncho mkazi wa msodzi akatsazikana ndi mwamuna wake madzulo, kutsazikanako kumalemera kuposa kwa mkazi wa mlimi amene mwamuna wake wangopita kudimba. Chikondi chimaoneka kukula kwake pamene pali choti chitayike.

N'chifukwa chake nyanja imagwira bwino ntchito ya chiphiphiritso ndi ya kalosera. Bata la m'mawa lingaimire mtendere wa awiriwo, mafunde angalosere mkangano umene ukubwera, nyali za asodzi zooneka patali usiku zingaimire chiyembekezo cha wodikira. Pa mayeso mukazindikira zimenezi, zitchuleni, koma mupereke umboni wa m'nkhanimo. Musangoti nyanja ikuimira chikondi chifukwa munamva choncho m'kalasi.

Pano ndinene maganizo anga. Alembi ena amaigwiritsa nyanja ntchito mwaulesi. Nkhani ikawavuta kumaliza, amangomiza mmodzi. Ngati mlembi sanationetsepo mphepo, sanatiuzepo kuti botilo n'lobooka kapena kuti mnyamatayo wakakamira kupita pamadzi chifukwa akufuna ndalama ya chinkhoswe, imfa yake siichokera m'nkhani, yangogwa kuchokera kumwamba. Imfa ya siginala amene wapita pamadzi tsiku la mwera chifukwa cha nsanje ndi mapeto. Imfa ya munthu amene wangoterereka pa tsamba lomaliza ndi kuthawa ntchito. Mukafunsidwa maganizo anu pa mathero a nkhani, muli ndi ufulu wonena zimenezi, bola mufotokoze chifukwa.

Njira imeneyi si ya kuno kokha

Alembi a maiko amene ali ndi nyanja ya mchere anaizindikira kale. M'buku la Persuasion la Jane Austen wa ku England, limene linatuluka mu 1817 mwini wake atamwalira, Anne Elliot akukakamizidwa kusiya Frederick Wentworth chifukwa mnyamatayo alibe chuma. Patapita zaka 8 Wentworth akubwerera ali mkulu wa sitima yankhondo, atalemera ndi ntchito ya panyanja, ndipo nkhani ikutembenukira pa ulendo wa ku Lyme, katauni ka m'mbali mwa nyanja. Madzi anamutenga ali wosauka, madzi omwewo am'bweza ali wina. Abdulrazak Gurnah wa ku Zanzibar, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2021, akuyamba buku lake la Desertion, la mu 2005, m'katauni ka pagombe la Kenya mu 1899: Mzungu wofooka akufika, wogulitsa m'sitolo akumutola, ndipo mlendoyo akukondana ndi mchemwali wa wositoloyo, tauni yonse ikuona. Simudzafunsidwa mabuku amenewa pa pepala la Chichewa. Ndawatchula kuti muone kuti mlendo, doko ndi maso a anthu zimagwira ntchito imodzimodzi kulikonse.

Msampha umene ife a kumtunda timagwamo

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chimandipweteka ndikamachonga. Pa nkhani 10 za kunyanja zimene ophunzira a kuno amandilembera, zambiri zimayenda motere: mnyamata wabwino wa kumudzi wagulitsa fodya, wapita kunyanja, wakumana ndi mtsikana wokongola, mtsikanayo wam'dyera ndalama zonse, mnyamata wabwerera akudwala, mayi ake akulira. Pamapeto pamabwera mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu. Mtsikana wa kunyanja sapatsidwa mayi, sapatsidwa ntchito, sapatsidwa chifukwa. Ndi msampha wovala chitenje basi.

Chaka china ndinawerenga nkhani yotere mokweza m'kalasi, ndipo ndinaiyamikira chifukwa Chichewa chake chinali chosalala. Mtsikana wina amene mayi ake kwawo ndi cha ku Dwangwa anakweza dzanja. Anati, "Aphunzitsi, kodi kunyanjako kulibe azimayi a anthu?" Anzake anaseka, ine sindinaseke. Ndinali nditapereka malikisi apamwamba kwa nkhani imene inanyoza mayi ake osawatchula dzina, ndipo sindinazione.

Sindikunena kuti kunyanja kulibe mavuto. Mchitidwe wogonana posinthana ndi nsomba umanenedwa m'madoko ambiri, ndipo wathandizira kufala kwa kachilombo ka HIV. Mlembi angathe kulemba za zimenezi, ndipo n'kofunika kutero. Koma wolemba bwino amafunsa chifukwa. Amationetsa mayi amene watenga mpamba wa ngongole, wagona pagombe masiku atatu, maboti akubwera ndi nsomba zochepa, ogula ali ambiri, ndipo woganiza kuti agule ndani ndi mnyamata wa m'boti. Akatero tayamba kuona munthu, ndipo tikuonanso amene ali ndi mphamvu pamalopo. Ndiponso tisadzinamize: zimene zimachitika pagombe usipa ukaphedwa wambiri zimachitikanso m'misika ya kumtunda kuno ndalama za fodya zikatuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti za kwathu timazitcha kulakwitsa, za kwa eni timazitcha chikhalidwe chawo.

Mfundo imeneyi ikukhudza mayeso mwachindunji. Mukamasanthula ampangankhani, onani ngati mlembi wawapatsa mbali zingapo kapena mbali imodzi yokha. Asiyatu wathu ndi wosunga kope, ndi mwana womvera bambo ake, ndi Msilamu amene chipembedzo chake amachikonda, ndiponso akumufuna Yohane. Zinthu zimenezi zikukokana mwa iye, ndipo kukokanako ndiko mkangano wa mumtima umene wochonga amafuna muutchule. Mtsikana uja wongodya ndalama alibe mkangano uliwonse. Mlembi amene wam'panga choncho watenga nyanja ngati chithunzi cha pakalendala, sanaone anthu okhala kumeneko.

Kayankhidwe ka funso la malo

Njira yodziwira ngati malo akugwira ntchito ndi yophweka: isamutseni nkhaniyo m'maganizo mwanu. Ichotseni ku Nkhotakota, muiike pa Malomo kapena ku Mponela. Ngati zonse zikuyendabe chimodzimodzi, awiriwo akukumanabe, akukanganabe, akusiyanabe mwa njira yomweyo, ndiye kuti nyanja inali chokongoletsa chabe, ndipo mukhoza kunena zimenezi. Ngati nkhani yathyoka, yang'anani pamene yathyokera. Pamenepo ndi pamene pali yankho lanu.

Polemba, ndime iliyonse ikhale ndi mfundo, umboni wochokera m'nkhani, ndi kufotokoza mmene umboniwo ukugwirizanirana ndi mfundoyo. Tikanakhala kuti tikuyankha za nkhani yathu ija, ndime imodzi ikanaoneka motere:

"Malo a pagombe akuthandiza kukulitsa mkangano pakati pa Asiyatu ndi bambo ake. Popeza pagombe pamakhala anthu ambiri ndipo palibe pobisala, amayi otsuka mbale akuona Asiyatu akuonjezera usipa pachigoba cha Yohane ndipo akukauza bambo ake. Nkhaniyi ikanachitikira mumzinda, bamboyo sakanadziwa msanga, ndipo sakanafulumira kumulonjeza siginala kuti amupatsa mwana wake."

Onani kuti m'ndimeyi mulibe mawu oti kukongola, mchenga kapena kamphepo. Muli chochitika, ochita, ndi zotsatira zake. Ndime yachiwiri ikhoza kukamba za mwera ndi ngongole, yachitatu za kusiyana kwa zipembedzo ndi chikamwini. Funso likafuna mfundo zinayi, perekani zinayi zosiyana. Musabwereze imodzi m'mawu ena, chifukwa wochonga amaiwerenga kamodzi. Ndipo musaiwale nthawi: kodi nkhani ikuchitika nyengo ya mwera kapena ya mvula, masiku a makalata kapena a foni, usodzi utatsekedwa kapena utatsegulidwa?

Musanapite ku mutu wotsatira, chitani ntchito iyi m'kope lanu. Tembenuzani nkhani yathu: Yohane akhale kwawo, Asiyatu ndiye akwere ndi dengu la usipa kudzagulitsa pa Malomo tsiku la msika, mwezi wa Juni, fodya atagulidwa. Lembani ndime zitatu zoonetsa amene tsopano ali mbuli, amene akuonerera, ndi zotchinga zimene zatsala kapena zamera zatsopano. Mukatha, tengani buku limene mukuphunzira chaka chino, mulisamutse chimodzimodzi, ndipo mulembe tsamba limene nkhani yake yathyokera.